Makapu Awiri a Belita

1

Dzina langa ndine Magret, kwathu n'kumunsi kwa phiri la Michesi. Mukafika m'mudzi mwathu n'kufunsa za ine, sakulozerani nyumba msanga. Ayamba akuyang'anani kaye kuti aone ngati ndinu munthu wabwinobwino. Sindikudandaula. Ndalemba kuti muimve kuchokera kwa mwini wake, chifukwa amene amaisimba pamjigo amaithira tsabola, chonsecho payokha ndi yowawa kale.

Belita ndi mng'ono wanga wa bere limodzi. Anatenga mimba ali Folomu 3. Mwini mimbayo, mnyamata wa kabaza, atangomva anawoloka malire kulowa ku Mozambique, mpaka lero. Belita anabereka mwana wamkazi, Shakira, ndipo ine ndinati eya, nayenso wakhala pansi ngati ine. Ndisaname, mtima wanga unakhala m'malo. Paja ine ndinatenga mimba ndili Sitandade 8, ndili nambala wani m'kalasi, ndipo amalume athu a Makina sanafunse n'komwe maganizo anga. Anandipereka kwa Julius, amene anakhala pakhomo pathu zaka zinayi akudya nandolo wathu, kenako n'kunyamuka ndi wailesi yake, kundisiyira ana awiri.

Shakira atakwana miyezi itatu, kunabwera a Felista, alangizi a zaumoyo a m'dera lathu. Anabwera ndi uthenga wa ahedi a kusekondale yoyendera kumene Belita ankaphunzira. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango: amayi, amalume, Belita ndi ine.

"Malo ake alipo," anatero a Felista. "Sukulu zikatsegulira ayambe. Masiku ano mtsikana akabereka amabwerera."

"Nanga bere atisiyira pakhomo pano?" ndinafunsa. Amayi anaseka, koma Belita sanaseke.

"Bere apita nalo, mkaka ausiya," anayankha a Felista osandiyang'ana. "Azifinyira m'kapu yoyera n'kuvindikira. Mwanayu sanakwane miyezi isanu ndi umodzi. Asalawe madzi, asalawe phala. Mkaka wa mayi ake wokha."

Amalume analembalemba pansi ndi kamtengo.

"Ine za makapu sindizidziwa," anatero pomaliza. "Chimene ndimadziwa ndi kabuku ka kusikelo. Mwanayu akangotsika sikelo, sukulu yathera pomwepo, ndipo pasadzapezeke wondilirira."

Kunatsala funso la wotsala ndi mwana. Amayi m'mawa uliwonse amapita kudimba. Maso onse anatembenukira kwa ine. Palibe anandipempha. Anangondiyang'ana mmene anthu amayang'anira mtondo akafuna kusinja.

2

Belita anali wakhama, zimenezo sindingakane. Kukangocha ankasamba m'manja ndi sopo, n'kuwiritsa makapu awiri achitsulo okhala ndi zivindikiro, amene anakagula pamsika wa Migowi. Ankayamwitsa kaye Shakira mpaka akhute, kenako n'kukhala pampando kuseri kwa nyumba, kufinya bere ili, kufinya bere ilo, mpaka zala kuchita dzanzi. Makapuwo ankawaimika mumphika wadothi wokhala ndi madzi ozizira, pakona posafika dzuwa, pamwamba n'kufunditsa kansalu konyowa.

"Achemwali, iyi ndi ya naini, iyi ndi ya leveni," ankatero tsiku lililonse ngati ndine wogontha. "Musauwiritse pamoto. Muziika kapu m'madzi ofunda kuti mkaka ungosiya kuzizira, kenako muzimumwetsa pang'onopang'ono ndi supuni. Wotsala musaubwezere mumphika."

"Ndinayamba kulera ana iwe usanamere mabere," ndinkamuyankha. "Tapita, ng'ombe iwe, uchedwa."

Ankapinda tinsalu tiwiri n'kulowetsa m'bulauzi kuti mkaka usathimbirire yunifolomu, n'kukwera njinga. Ine ndinkaima pakhonde ndi mwana wake kumbuyo, kumuyang'ana mpaka akhote pa mpanda wa tchalitchi. Siketi yake yabuluu inkandiwawa m'maso. Pambali panga pankagona Taiga, galu wathu wa nthiti zowerengeka, amene naye ankakhala pakhomopo popanda womufunsa maganizo.

Kusukulu mabere ankadzaza nthawi ya breki mpaka kumupweteka. Ahedi, amene anali mayi, anamulola kuti azilowa m'kachipinda kosungiramo mabuku. Kiyi wake ankasunga a Dickson, aphunzitsi a masamu. Belita ankakatenga kiyiyo, kudzitsekera, kufinyira m'botolo, kulikulunga ndi kansalu konyowa, n'kubwera nalo kunyumba cha m'ma wani. Zonsezi anandiuza yekha, akuseka, poti ndine mkulu wake.

Akangotsika panjinga, funso linali limodzi.

"Wamwa?"

"Wamwa wonse. Taona makapu."

Makapuwo ankakhala pathandala, otsukidwa bwino, akuwala padzuwa. Musandifunse msanga zimene zinkachitika pakhomopo ikakwana naini. Tifika.

3

Sabata yachiwiri kulira kwa Shakira kunasintha. Sabata yachitatu anayamba kutsegula m'mimba. Belita akabwera, mwana ankalusira bere ngati sanalione chibadwire, kenako n'kusanza. Belita ankafufuza makapu, kununkhiza mphika, kusintha madzi kawiri. Anayamba kuwiritsa ndi supuni yomwe.

"Achemwali, ndikulakwitsa pati?"

"Ndidziwa bwanji ine wa Sitandade 8? Kafunse mabuku ako."

Tsiku lina masana ine ndi amayi tinkamenya nandolo pabwalo. Taiga anadutsa akugwedeza mchira, ndipo amayi anaimitsa ndodo.

"Galu ameneyu akuba mazira a yani? Mwezi watha tinkamuwerenga nthiti, lero ubweya ukuchita kunyezimira."

"Mwina akugwira mbewa m'mundamu," ndinatero, n'kusintha nkhani msanga. "Koma amayi, mwana wa Belitayu mukumuona bwino? Paja sanatengedwe. Bambo wake anathawa mwambo usanachitike."

Kwathu kuno mwana wakhanda asanatengedwe, mayi ake sayenera kugona ndi mwamuna. Akatero amati wamutsempha, ndipo mwanayo amafota. Amayi amakhulupirira zimenezi kuposa jakisoni aliyense.

"Ukutanthauza chiyani, Magret?"

"Ine sindikutanthauza kanthu. Ndangomva kuti breki iliyonse amakatenga kiyi kwa aphunzitsi aamuna n'kukadzitsekera m'kachipinda. Zimene zimachitika m'menemo akudziwa ndi eni ake."

Ndinkadziwa bwino lomwe zimene zinkachitika m'menemo. Botolo lake ndinkatsuka ndine.

Amayi anauza mnzawo mmodzi wa kumvano, kuti awathandize kupemphera. Pofika Lamlungu, tchalitchi chonse chinali chikuthandiza kupemphera. Belita polowa ndi mwana wake, azimayi a pabenchi lathu anasendera uko.

4

Tsiku la sikelo a Felista anakoleka Shakira kawiri, poganiza kuti sikelo yalakwitsa. Kenako anatsegula kabuku n'kujambula mzere wotsika. Anagwira mwana paliwombo, napeza palowa.

"Musapite kunyumba. Pitani kuchipatala pompano."

Anamugoneka masiku asanu. Tsiku loyamba ndinapita ndi chakudya, ndipo ndinapeza amubaya diripi pakadzanja kochepa ngati chala changa chachikulu. Maso anali atalowa, kulira kwake kosamveka. Anamwino anafunsa Belita ndili pomwepo.

"Mwanayu mwakhala mukumupatsa chiyani?"

"Mkaka wanga wokha."

"Mukakhala kusukulu amatsala ndi ndani?"

Belita anandiloza. Anamwino ananditembenukira.

"Mkaka wokha," ndinatero, ndipo mawu anatuluka osagwedera n'komwe.

Shakira anachira, poti masiku onsewo anali pabere la mayi ake. Koma kuchira kwakeko n'kumene kunamaliza Belita. Pobwerera tinapeza amalume atakhala kale pansi pa mango, chipewa chili pabondo.

"Mwaona?" anatero. "Masiku asanu wakhala kutali ndi mwamunayo, mwana wadzuka. Tchula dzina lake."

"Mwamuna wake uti, amalume?"

"Wa kiyi. Usatiyese ana ife."

Belita anayang'ana amayi, amayi anayang'ana kumbali. Anayang'ana ine, ine ndinali kuchotsa zitsotso pachitenje. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo lija, naliika pamapazi pa amalume.

"Mwamuna wanga ndi ameneyu. Ndi amene ndimadzitsekera naye. Achemwali, auzeni, si inu mumalitsuka?"

"Botolo ndimatsuka," ndinatero. "Koma kusukuluko ine sindipitako."

"Hule iwe," anatero amayi motsitsa mawu. "Mimba yoyamba sinakukwane? Ukufuna undiphere mdzukulu chifukwa cha choko?"

Amalume ananyamula njinga ya Belita n'kukaitsekera m'nyumba mwawo. M'mawa mwake anapita kusukulu, nakalalatira a Dickson pamaso pa ana onse, munthu amene mlandu wake unali kusunga kiyi. Pobwera anangoti, "Ndinanena. Sikelo yatsika, sukulu yatha."

Belita anapinda yunifolomu n'kuiika pansi pa sutikesi. Tsiku limenelo ine ndinadya mpaka kunyambita zala.

5

Panapita sabata ziwiri. Loweruka m'mawa tinangoona a Felista akutsamiritsa njinga yawo pankhokwe. Anatuma uthenga kuti amalume abwere.

"Ine nkhaniyi yandikana," anatero onse atakhala pansi. "Ndaphunzitsa amayi ambiri kufinya mkaka, aphunzitsi, ogulitsa pamsika wa Chiringa, ndipo palibe mwana anatsikapo sikelo. Penapake pakulakwika. Ndikufuna ndione ndi maso anga, kuyambira poyamba."

"Zinatha izi, mayi," anatero amalume.

"Ngati zinatha, simuluza kanthu poonerera."

Belita anasamba m'manja, nawiritsa kapu, nafinya, navindikira, naiimika mumphika. A Felista ankangogwedeza mutu.

"Apa palibe cholakwika. Tsopano inu a Magret. Yakwana naini, mwana akulira. Tiwonetseni."

Ndinaimirira mopanda mantha. Ndondomeko yonse ndinkaidziwa pamtima, paja ndinkaimva m'mawa uliwonse. Ndinathira madzi ofunda m'mbale, ndinatulutsa kapu mumphika, n'kutuluka nayo pakhonde kuti onse aone. Kenako ndinatsegula chivindikiro. Chinalira kuti ngwe.

Taiga anali mtulo pansi pa nkhokwe. Anadzambatuka ngati wapondedwa mchira, nathamangira kwa ine, nayamba kudumphadumpha akulira ndi chimwemwe, dovu lili chuchuchu. Kenako anathamangira kuseri kwa khitchini, nabwerera, nandiyang'ana, nathamangiranso komweko.

"Choka," ndinatero. Ndinamuponya mwendo, koma sanachoke.

"Musiyeni," anatero a Felista. "Akutiitana. Tiyeni timutsate."

Tonse tinazungulira khitchini. Taiga anali atakhala bwinobwino pafupi ndi phale limene ndinalibisa pakati pa nthochi, mchira ukusesa pansi, maso ali pakapu imene inali m'manja mwanga. M'mphepete mwa phalelo munali chikoko choyera chouma.

Amayi anagwira pakamwa.

6

Tsopano tafika pa naini paja.

Ikakwana nthawi imeneyo ndinkatulutsa kapu mumphika, kupita kuseri kwa khitchini, n'kukhuthulira mkaka m'phale. Pansi sindinkathira, poopa kuti nyerere zindiulula. Galu amanyambita mpaka mbee. Leveni ikakwana, chimodzimodzi. Shakira ndinkamuphikira phala lamadzimadzi la ufa woyera, n'kumutsitsira ndi madzi a mumtsuko. Ndinkadziuza kuti ana anga anakula ndi phala lomwelo. Ndinkadziuza kuti sindikufuna mwana afe, ndikungofuna mzere wa m'kabuku uwerame pang'ono, njinga itsekeredwe, tonse tikhale pakhomo mofanana. Masiku makumi awiri ndi atatu ndinachita zimenezi, ndipo tsiku lililonse ndinkatsuka makapu n'kuwayanika pooneka.

Woyamba kuyankhula anali Belita. Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa.

"Achemwali, mukudziwa mmene zimapwetekera kudzaza kapu imodzi?"

Ndinayang'ana kapu imene inali m'manja mwanga. Iye anapitiriza.

"Ndinkadzuka ndi mabere otupa, kufinya mpaka khungu kusupuka. Kusukulu anzanga akudya zitumbuwa, ine ndili mumdima ndi botolo. Ndinkafinyira galu?"

Apo mkwiyo wanga wa zaka khumi unatuluka wonse.

"Nanga ine anandifinyira ndani? Ine ndinali nambala wani. Iwe unakhalapo nambala wani? Amalume omwewa anandivula yunifolomu ndi manja awo n'kundipatsa Julius. Kunabwera alangizi? Kunabwera uthenga wa ahedi? Lero iwe uzikwera njinga, ine ndizitsuka matewera a mwana wako, popanda ndi zikomo yemwe?"

"Zikomo ndinkanena tsiku lililonse."

"Unkanena uli panjinga."

"Ndiye mukanandimenya ineyo," anatero. "Mukanang'amba makope anga. Mukanaboola matayala. Shakira anakuvulani yunifolomu?"

Anatenga kapu ija m'manja mwanga, nakhala pansi pomwepo, nayamba kumwetsa mwana wake ndi supuni. Shakira anamwa wonse, mpaka kutsata supuni ndi kamwa.

Amalume anatola mpini kuti akaphe Taiga. Belita anawaletsa osadzutsa mutu.

"Musiyeni galuyo. Pakhomo pano ndi yekhayo amene wanena zoona."

Amalume anaponya mpini pansi. Sanandimenye, sananditukwane. Za Julius ndi yunifolomu yanga sanayankhepo kanthu, mpaka lero. Madzulo ake anabweza njinga, ndipo Lolemba anapita kwa a Dickson ndi tambala m'khwapa kukapepesa. Amayi analira masiku atatu, koma mawu amene anamutchula Belita aja analibe powabwezera.

7

Belita anabwerera kusukulu atatsalira pafupifupi mwezi wathunthu. Anyamata ankamuimbira makiyi akamadutsa, koma iye ankapitabe kukachipinda kuja breki iliyonse. M'mawa ankasenza mphika wake wadothi, makapu ali momwemo, mwana kumbuyo, n'kudutsa pakhomo panga osapenya, kupita kwa a Aliness, oyandikana nawo nyumba. A Aliness si m'bale wathu, ndipo sadziwa kulemba ngakhale dzina lawo. Mwezi wotsatira mzere wa m'kabuku unakwera.

Folomu 4 anakhoza. Pano ali ku Zomba, akuphunzira za unamwino. Sitinayambanenso, chifukwa kuyambana kumafuna anthu oyankhulana. Pamaliro amandipatsa moni ngati mlendo wochokera kutali.

Shakira ali ndi zaka zinayi tsopano, amakhala ndi amayi, mapazi makumi awiri kuchokera pakhomo panga. Ndi mwana wonenepa, wolongolola, wa mano otalikirana ngati anga. Mwezi wathawu ndinathyola bango lakupsa bwino, ndinalitsuka, n'kumuitana. Anabwera akuthamanga, naima patali pang'ono, manja kumbuyo.

"Tenga, mwanangu."

Analiyang'ana bangolo, nameza malovu.

"Amama anati ndisamalandire chakudya kwa inu, amayi aakulu."

"Chifukwa chiyani?"

"Kaya. Anati ndikadzakula mudzandiuza nokha."

Inu owerenga, makamaka inu amene mumatsala ndi ana a anzanu iwo akapita kusukulu kapena kuntchito: kapu imene amakusiyirani mumphika ija musaione kuchepa. Munthu amakhala atakusiyirani thupi lake ndi tsogolo lake, n'kutembenuka kukupatsani msana. Ngati mumtima mwanu muli chilonda ngati changa, kanani pamaso pa onse tsiku loyamba lomwelo, pansi pa mtengo, amalume ali pomwepo. Adzakutchulani woipa mtima kwa sabata imodzi basi. Ine ndinavomera ndi kukhala chete, ndipo ndinakabwezera kwa munthu wa miyezi itatu amene sankadziwa n'komwe dzina langa.

Musandimvere chisoni, sindinalembere zimenezo. Ndalemba chifukwa Shakira akukula, ndipo tsiku lina adzaima pakhomo panga n'kundifunsa. Ndimafuna ndiyambe ndayeserera kwa inu, anthu osandidziwa, kuti ndione ngati mawu ake angatuluke.

Taiga wakalamba, maso achita khungu, koma makutu akadali akuthwa. M'nyumba mwanga mulibe chiwiya chachitsulo chokhala ndi chivindikiro. Ndinapereka zonse, chifukwa chikangolira, amadzuka n'kubwera kudzakhala pamapazi panga, kudikira.